Ku Nyika si kwa azungu okha: anthu asanu, masiku asanu, malita 150

Dziko lino lili ndi mapaki asanu osungirako zachilengedwe: Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi Lake Malawi ku Cape Maclear. Mwa asanuwa, paki imodzi yokha ndiyo ili pamwamba pa phiri, ndipo ndi yomweyonso yaikulu kuposa onse, masikweya kilomita oposa 3,000, komanso yoyamba kukhazikitsidwa, m'chaka cha 1965. Koma tafunsani anzanu a kuntchito kapena a kutchalitchi kuti ndi angati anapondako ku Nyika. Mupeza kuti ambiri anangoloweza dzinali pokonzekera mayeso a Sitandade 8 basi. Mzungu amachoka kwawo kutali, kulipira ndege, kudzagona ku Chelinda sabata yathunthu, pamene ife eni nthaka timangoti kumeneko n'kwa anthu a ndalama.

Ine ndi anzanga anayi tati ayi, chaka chino tikadzionere tokha. Gulu lake ndi ili: alamu anga omwe ali ndi pikapu ya dizilo yokwana anthu asanu m'kati, mnzanga wina makaniko wa pa Biwi, mayi wina mphunzitsi wa pulayimale, mnyamata wina wogulitsa kaunjika mu msika wa Lilongwe, ndi ine mlembi wanu amene ndimadya pokhapokha ndikagulitsa nkhani. Palibe bwana pagululi. Ine ndinafikako kamodzi ku Nyika ndili Fomu 3, pa lole, ndi kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pathu, n'chifukwa chake anzangawa andipatsa udindo wogwira mapu. Takumana katatu kuwerengetsera, ndipo zimene tapeza ndati ndikugawireni, pakuti ulendo wa kuphiri umatheka kapena kulephereka musanalize n'komwe injini.

Ichi chakoma, ichi chakoma

Tsiku loyamba kukumana aliyense anabwera ndi phiri lake. Aphunzitsi amafuna Livingstonia, ati akaone Stone House ya Dr Robert Laws ndi mathithi a Manchewe omwe amaphunzitsa ana chaka ndi chaka iwo eni asanawaonepo. Wakaunjika amafuna tiyambire ku Mulanje, tidzere ku Zomba, kenaka tilowere kumpoto. Alamu amati popeza tidutsa pa Kasungu, tingokhota pang'ono tikaone njovu 263 zija anazisamutsa kuchoka ku Liwonde mu 2022. Titaphatikiza zonse, ulendo unapitirira masabata awiri, pamene masiku omwe tonse tingachoke pa ntchito zathu ndi asanu okha.

"Alamu," ndinatero ine, "pusi uja anagwa chagada chifukwa cha zomwezi."

Ndiye tinayamba kudula. Mulanje ndi Zomba zinayamba kugwa. Mulanje ndiye phiri lalitali kuposa onse kuno, nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, koma lili kumwera, ndipo ndi phiri la miyendo osati la galimoto. Kasungu inagwa chifukwa ndi paki ya pachidikha, ndipo kwa ife a ku Lilongwe ndi ulendo wa Loweruka ndi Lamulungu lina lililonse.

Yomwe inavuta kudula ndi Livingstonia, pakuti pa mapu imaoneka ngati ili kuseri kwa nyumba ya Chelinda. Apa ndi pamene mapu amanamiza anthu. Pakati pa malo awiriwa palibe msewu wa galimoto. Oyenda pansi amatenga masiku atatu ali ndi wowalondolera. Pa galimoto muyenera kutsika phiri lonse kubwerera ku Rumphi, n'kukazungulira kukakweranso phiri lina. Ndi tsiku lathunthu lokhala pampando. Aphunzitsi anadandaula, koma anavomera kuti Livingstonia ndi ulendo wake pawokha.

Zinatsala ndi izi: Nyika ya Malawi, kachigawo ka Nyika ya Zambia komwe msewu umalambalala, ndi Vwaza patsinde pa phiri pobwerera. Basi.

Werengani maola, osati makilomita

Lamulo loyamba lomwe tagwirizana ndi limeneli. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 360. Kuchokera ku Rumphi kufika ku Chelinda ndi makilomita pafupifupi 115 okha. Munthu wosadziwa angati wachiwiriwu ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka. Ayi ndithu. Gawo lalikulu la msewu umenewu ndi lafumbi, lamiyala ndi lokwera, ndipo umadya maola anayi kapena asanu nyengo ikakhala bwino. Msewu wa Rumphi, Nyika mpaka Chitipa wakhala ukulonjezedwa tara ndi boma lililonse lomwe lalowa, ndipo anthu a ku Hewe ndi ku Nthalire angakuuzeni bwino nkhani yake kuposa ine.

Tsiku loyamba, Lachitatu, tinyamuka 5 koloko m'mawa pa msewu wa M1: Mponela, Madisi, Kasungu, Nkhamenya, Jenda. Pa Jenda pali rodibuloko, choncho laisensi, inshuwalansi ndi COF zikhale pafupi, pamodzi ndi matrayango ndi chozimitsira moto. Pomwepo ndi pogula tomato, anyezi, kabichi ndi mbatatesi za ulendo wonse. Kuchoka apo msewu umakwera mapiri a Viphya kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa, yomwe inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000 ngakhale yambiri inatha ndi macheka ndi moto. Chigawo chimenechi tikufuna tichidutse dzuwa lili pamutu. Nkhungu ya ku Chikangawa si yoseweretsa, imatha kutseka msewu moti simuona lole ya matabwa yomwe ili patsogolo panu. Tonse tikukumbukira kuti ndi m'nkhalango yomweyi m'mene ndege inagwa pa 10 Juni 2024, nyengo itaipa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8.

Ku Mzuzu tiima ola limodzi: kubanki, kumwetsa galimoto, kudya nsima. Kenaka Ekwendeni, Enukweni, n'kusiya M1 kukhotera kumanzere, kuwoloka mtsinje wa South Rukuru pa Njakwa pomwe madzi anang'amba phiri, mpaka pa boma la Rumphi, makilomita ngati 70 kuchokera ku Mzuzu. Tigona pamenepo. Wakaunjika amati bwanji tingopitirira usiku womwewo tipulumutse ndalama ya malo ogona. Yankho lake ndi lakuti chipata cha paki chimatsekedwa dzuwa likamalowa, ndipo kufika pa Thazima mdima utagwa ndiko kugona m'galimoto kunja kwa geti.

Inu a ku Blantyre muwonjezere tsiku limodzi popita ndi lina pobwerera, ndipo musaiwale ndalama ya pa zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke.

Kukwera phiri

Tsiku lachiwiri ndilo la ntchito. Kuchoka pa Rumphi 7 koloko, kudzera pa Bolero pomwe pali likulu la Themba la Mathemba Chikulamayembe, mpaka pa chipata cha Thazima, makilomita ngati 55. Pachipata Mmalawi amalipira ndalama yochepa kusiyana ndi mlendo wakunja, koma muyenera kuonetsa chiphaso cha unzika. Galimoto nayo ili ndi mtengo wake. Mukaiwala chiphaso musakakangane ndi a gemu, iwo akungotsata lamulo.

Kuchoka pa Thazima kwatsala makilomita ngati 60. Koyamba mumadutsa m'nkhalango ya mitengo ya mombo ndi masuku, ndipo kumeneku ndi kumene mungakumane ndi njovu. Mu 2017 anabweretsako njovu zina 34 kuchokera ku Liwonde kuwonjezera pa zomwe zinalipo. Mukaipeza pamsewu imani patali, osaliza hutala, idutse yokha. Mukamakwerabe, mitengo imayamba kufupika, kenaka imangotha mwadzidzidzi. Chimene chimatsala ndi zitunda za udzu waufupi, chitunda pambuyo pa chitunda mpaka pomwe maso alekezera, ndi timagulu ta nkhalango yobiriwira tobisala m'makwawa. Pa lole ija tili ana asukulu, phokoso lonse linatha titafika pamenepa.

Chapakati pa ulendowu msewu umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Zambia, penapake n'kulowa ndithu m'dziko la eni ake. Mbali inayo ndi paki ya Nyika ya Zambia, kakang'ono, masikweya kilomita 80 okha, ndipo galimoto imafikako podzera kuno kwathu. Ongodutsa pamsewu safunsidwa pasipoti. Wakaunjika wasangalala kwambiri ndi nkhani imeneyi, ati akauza anzake pamsika kuti tchuthi anakadyera kunja. Maiko awiriwa anasainirana pangano mu 2015 loti aziyang'anira limodzi nkhalango za m'malirezi, pakuti mbidzi sidziwa kuti malire ali pati.

Chelinda ili pa mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere, kutanthauza kuti tsiku limeneli galimoto ikwera mamita oposa 1,000. Mumaizindikira muli kutali chifukwa cha nkhalango ya paini yomwe atsamunda anadzala m'zaka za m'ma 1950 poyesa ngati mitengoyi ingachite bwino kumeneko. Malo ogona alipo a matumba osiyanasiyana: loji ya anthu a madola, tinyumba tokhala ndi pophikira ndi powothera moto, ndi bwalo lokhomapo matenti. Ife tasankha matenti, tabwereka awiri. Imbiranitu foni musananyamuke, mufunse mtengo wa tsikulo ndi m'mene msewu ulili. Safunsa anadya phula.

Tsiku limodzi lathunthu pamwamba

Masiku anayi mwa asanu aja ndi a pamsewu. Lachisanu lokha ndilo tsiku lomwe tikuvutikira ulendo wonsewu, ndiye sitikufuna kulimwaza.

M'mawa kwambiri tizungulira madamu a pafupi ndi Chelinda ndi chitunda cha Chosi. Ku Nyika nyama simuzisaka m'tchire ngati kwina, zimaonekera patali pa udzu ngati ng'ombe za kudambo: mbidzi, ntchefu zikuluzikulu, mphoyo, mbawala m'mbali mwa nkhalango, njiri zikuthawa michira ili m'mwamba. Koma mwini phiri ndi chilembwe, nyama ya nkhope yakuda ndi yoyera ngati yavala chigoba, makutu ataliatali, nyanga zopindikira kumbuyo. M'maiko ambiri chilembwe ndi chosowa, koma ku Nyika mumachipeza m'magulu. Akambuku aliponso ndithu pamodzi ndi afisi, koma kambuku amaoneka akafuna yekha, makamaka kukamada. Okonda mbalame akaona mitundu yoposa 400 ngati ali ndi maso ndi nthawi.

Kenaka tipita ku Kaulime, kanyanja kachilengedwe komwe sikali kutali ndi Chelinda. Madamu ena aja anakumba ndi anthu, koma Kaulime analipo kale, ndipo makolo a kumeneko ankakalemekeza ngati malo a mizimu, kuponyamo mikanda yoyera popempha. Mukafika pamenepo musakachite phokoso ngati muli pa bawa.

Masana tiyenera kusankha chimodzi: kukwera Nganda, nsonga yaitali kuposa zonse ku Nyika, mamita oposa 2,600, kapena kutsikira ku mathithi a Chisanga pa mtsinje wa North Rukuru. Zonse ziwiri tsiku limodzi sizitheka popanda kuthamanga, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Mavoti agwera Nganda, atatu kwa awiri, chifukwa galimoto imakufikitsani pafupi ndipo kokwera pansi si kotalika. Phanga la Fingira, komwe akatswiri anapeza mafupa ndi zojambula pamwala za anthu akalekale, latsalira ulendo wina.

Kulikonse komwe mukatsike galimoto n'kuyenda pansi mtunda, tengani wa gemu kapena wolondolera alendo. Zitunda za ku Nyika zimafanana ngati mazira, ndipo nkhungu ikatsika, ngakhale galimoto yomwe mwaisiya pafupi simuionanso. Netiweki ya foni ndi ya apa ndi apo, musaidalire.

Vwaza ndi kashembe

Loweruka titsika. Apa makaniko wathu wanenetsa kuti potsika phiri galimoto imagwiridwa ndi giya, osati mabuleki. Ukaponda buleki mtunda wautali imatentha, ikatentha imaleka kugwira, ndipo umazindikira uli kale pakona.

Tikatuluka pa Thazima tikhotera ku Vwaza, malo osungirako nyama a masikweya kilomita pafupifupi 1,000 omwe ali patsinde pa phiri. Chipata chake cha Kazuni chili makilomita ngati 30 kuchokera pa Rumphi. Kusiyana kwake ndi Nyika n'kodabwitsa: m'mawa mwavala majuzi awiri, masana mukutuluka thukuta. Pa nyanja ya Kazuni pali mvuu zambiri, ndipo m'chilimwe njovu ndi njati zimabwera kudzamwa pomwepo, moti mutha kungoimika galimoto pamthunzi n'kumaonera osawononga dontho la dizilo.

Koma abale anga, ku Vwaza kuli kashembe, ntchentche yoluma ngati singano yomwe imafalitsa matenda a kaodzera. Si nthano ayi, anthu a midzi yozungulira amadwala ndithu, ndipo chipatala cha boma cha Rumphi chimadziwika pochiza matendawa. Kashembe amakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda, n'chifukwa chake mukaona nsalu za mitundu imeneyi zitapachikidwa m'tchire, dziwani kuti ndi misampha yake. Valani zoyererako, za manja aatali, ndipo potseka mawindo musachite ulesi. Si kashembe aliyense ali ndi matenda, koma mukabwerako n'kuyamba kutentha thupi ndi litsipa, kapena polumidwa paja patatupa, thamangirani kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti munali ku Vwaza. Kaodzera amayamba ngati malungo, ndipo mukapanda kunena komwe munali atha kumakupatsani mankhwala a malungo matenda akukula.

Usiku umenewo tigona pa Rumphi, Lamulungu m'mamawa ulendo wa ku Lilongwe.

Werengani malita, osati makwacha

Lamulo lachiwiri ndi ili. Chiyambire pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense akudziwa kuti mtengo womwe mwalemba lero ukhoza kukhala nthabwala mwezi wa mawa. Ndiye bajeti yathu ya mafuta taiwerengera m'malita.

Lilongwe mpaka Chelinda ndi makilomita pafupifupi 545, kupita ndi kubwerera 1,090. Kuzungulira m'paki tayikapo 80, kukhotera ku Vwaza 60, zonse pamodzi ngati 1,250 tikawonjezera tokhotakhota ta m'tauni. Pikapu ya alamu imayenda makilomita 10 pa lita pa tara, ndiye kuti malita 125. Koma pokwera phiri pa giya yaing'ono imamwa kwambiri, komanso kumwamba mpweya ndi wopepuka moti injini imachepa mphamvu. Tawonjezerapo malita 25, kukwana 150. Anthu asanu, aliyense malita 30. Tsiku lonyamuka aliyense abweretsa ndalama ya malita 30 pa mtengo wa tsikulo, nkhani yatha.

M'paki mulibe pomwetsera mafuta. Kuchoka pa Rumphi, kukwera, kuzungulira, kutsika, kudzera ku Kazuni n'kubwereranso pa Rumphi ndi makilomita ngati 370, ndipo thanki yathu ya malita 75 ikwanitsa ngati tanyamuka itadzaza mpaka pakhosi. Vuto ndi lakuti mafuta m'dziko muno akhala akusowa kawirikawiri kuyambira 2022, ndipo akasowa ku Lilongwe ndiye kuti kumaboma akutali zafika poipa. Choncho timwetsa pa Kasungu, pa Mzuzu ndi pa Rumphi, paliponse pomwe tawapeza, ngakhale thanki ili pa theka. Za zigubu samalani: nthawi za kusowa kwa mafuta bungwe la MERA lakhala likuletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo. Ndipo tagwirizana kuti tikafika pa Rumphi n'kulephera kudzaza thanki, sitikwera. Kuli bwino kubwerera ndi manyazi kusiyana ndi kuthera mafuta pa chitunda pomwe galimoto ina mwina idutsa mawa.

Ndalama zonse asunga ndi aphunzitsi, m'maenivelopu anayi: ya mafuta, ya pachipata ndi malo ogona, ya chakudya, ndi yachinayi ya ngozi yomwe sitsegulidwa pokhapokha galimoto itawonongeka. Ikabwerako yosatsegula tigawana. Tagwirizananso poyera, alamu ali pomwepo, kuti sevisi ya galimoto tisananyamuke tilipira anayi enafe, ndipo tayala likaphulika panjira ndi la tonse. Ndaona maulendo a pachibale akutha ndi kusalankhulana chifukwa cha tayala limodzi, mwini galimoto akuti munandithera matayala, okwera akuti tinalipira kale mafuta. Zoterezi zimakambidwa musananyamuke.

Galimoto, chisanu ndi nyemba

M'chilimwe simufunika galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, koma ikhale yokwera m'mimba. Timagalimoto tapansipansi ta m'tauni timasiya ekizozi pa miyala ya ku Thazima. Mndandanda wa makaniko ndi uwu: masipeya awiri osati limodzi, jeke ndi thabwa loikapo pansi, pampu, fanibeluti yapadera, oilo, madzi a mu radiyeta malita 10, chingwe chokokera, khasu ndi tochi. Oyendetsa ndi awiri, alamu ndi makanikoyo, mosinthana, ndipo amene ali pa chiwongolero tsikulo botolo salikhudza.

Za kuzizira musamvere za m'maluwa. Mu Juni ndi Julayi ku Chelinda madzi amatha kuundana usiku, udzu n'kudzuka woyera ngati wathiridwa ufa. Ngakhale miyezi yotentha, dzuwa likangolowa mphepo imalasa mpaka m'mafupa. Aliyense atenga mabulangete awiri, juzi, jekete, chipewa ndi masokosi okhuthala, ndipo apa ndi pomwe tadalitsika kukhala ndi wakaunjika pagulu. Ubwino wake ndi wakuti pamwamba udzudzu ndi wosowa, koma neti tinyamula chifukwa cha pa Rumphi.

Chakudya chonse chichokere pansi. Aphunzitsi anati tinyamule nyemba, zotsika mtengo komanso zokhalitsa m'mimba. Ndinawakumbutsa sayansi yomwe amaphunzitsa okha: pa mamita 2,300 madzi amawira pa madigiri 92 m'malo mwa 100, ndiye nyemba zouma zimatha nkhuni ndi maola zisanafewe. Tinyamula ufa, mpunga, usipa, mazira, soya pisesi, masamba a tiyi ndi shuga wambiri, ndi ndiwo za pa Jenda zija. Zinyalala zathu tibwerera nazo m'thumba.

Nanga mwezi uti? Okonda maluwa amapita mu Januwale ndi Febuluwale pamene phiri lonse limachita maluwa, kuphatikizapo mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'gulu la chinaka. Koma walira mvula walira matope, nthawi imeneyo msewu umafuna galimoto yokoka konsekonse ndi dalaivala wodziwa. Epulo ndi Meyi kumakhala kobiriwira ndipo kumaoneka patali. Ife tasankha kumapeto kwa Ogasiti: sukulu zimakhala zitatsekera, msewu ndi wouma, chisanu chayamba kuchepa, ndipo ku Kazuni nyama zayamba kusonkhana pamadzi.

Phirili lili ndi eni ake

Pali chinthu china chomwe ndawapempha anzanga kuti tinyamule, chosalowa m'chikwama. Paki imeneyi sinagwe kuchokera kumwamba. Mu 1978, nthawi ya chipani chimodzi, boma linakuza malire a Nyika, ndipo midzi yambiri, makamaka ya Aphoka ndi Atumbuka anzawo, inasamutsidwa. Anthu anasiya minda, manda a makolo awo ndi malo awo opembedzera. Ng'anjo zomwe makolo awo ankasungunuliramo chitsulo zikadalipo m'phirimo. Masiku amenewo munthu sukanatsutsa. Ana ndi adzukulu awo ndi omwe mukuwadutsa m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Thazima, ndipo ndi omwewo amene njovu zikatuluka zimawathera chimanga.

Zinthu zinasinthako. Midzi yozungulira ili ndi bungwe lawo la Nyika Vwaza Association, gawo lina la ndalama za pachipata limabwerera kwa iwo, ndipo alimi a njuchi amaloledwa kupachika ming'oma m'mbali mwa paki. Mu 2023 boma linasainirana pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loti aziyendetsa limodzi Nyika ndi Vwaza. Ngati panganoli lipindulire munthu wa ku Thazima kapena ayi, tiziona ndi maso, ndipo oona ake akhale Amalawi omwe amafikako, osati ongomva pa wailesi.

Ndiye podutsa m'midzimo chepetsani liwiro, fumbi lanu limagwera pa ufa womwe amayi ayanika. Moni wa "monire" ndi "yewo" sagula ndalama. Gulani uchi wa ku Nyika kwa eni ake. Wina akakunong'onezani za nyama yowamba, kanani, pakuti ndi chilembwe chomwecho mwalipira kuti mukachione. Chinaka chokumbidwa m'paki chisiyeni, kukumba kumeneku ndiko kukutha maluwa aja. Ndipo osuta fodya asamale ndi chotsalira chawo: mu Ogasiti udzu wa ku Nyika umayaka ngati petulo, pamene phiri limeneli ndilo gwero la mitsinje ngati North Rukuru, Runyina ndi Wovwe, komwe kuli makina opangira magetsi a ku Karonga.

Kunena zoona ulendowu si waulere. Malita 30 a dizilo, chipata, tenti ndi chakudya cha masiku asanu ndi ndalama ndithu kwa munthu wolandira pamwezi, ndipo ife tayamba kuponya pang'onopang'ono kwa aphunzitsi ngati chipereganyu miyezi inayi isanakwane. Koma ndi ndalama yomwe ambiri timaimwaza pa ukwati umodzi wa mnansi osaiwerenga n'komwe. Mutu umodzi susenza denga: pezani anzanu anayi, mmodzi akhale ndi galimoto yokwera m'mimba, wina adziwe sipanala, wina akhale wouma manja pa ndalama. Sankhani phiri limodzi, mulipatse tsiku lathunthu, ena adikire chaka chamawa.

Ife tinyamuka Lachitatu lomaliza la Ogasiti. Mukaona pikapu yoyera pa Jenda, matenti ndi mabulangete zili kumbuyo, anthu asanu akunenerera mtengo wa mbatatesi, tiimikeni tipatsane moni.